Ndani angauze Pulezidenti kuti ayi?

Lolemba la pa 3 Febuluwale 2020 ntchito siinayende m'malo ambiri. Pagolosale ina kwathu, mwini wake anaika wailesi pakauntala, ndipo anthu amene anabwera kudzagula sopo ndi shuga sanabwererenso kunyumba. Anadzaza pakhonde, ena atakhalira makireti a zakumwa, kumvera majaji asanu akulandirana kuwerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka mdima. Zitamveka kuti chisankho cha Pulezidenti chathetsedwa, bambo wina wachikulire amene anakula nthawi ya makadi a chipani anavula chipewa, n'kufunsa chapansipansi ngati khoti limaloledwa kuuza boma chochita. Sanafunse monyoza. Anafunadi kudziwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi a anthu ngati bamboyo, omwe ndimakumana nawo m'minibasi, pamaliro ndi pachigayo.

Kodi Pulezidenti si ndiye mwini boma? Timumangirenji manja munthu amene tinamusankha tokha?

Pulezidenti si mwini boma. Gawo 12 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo amene akulamulirayo wangosungitsidwa. Kumudzi kusungitsana timakudziwa bwino. Ukasungitsidwa mbuzi, umaidyetsa, umaimangira khola, manyowa ake umathira kudimba kwako, koma sungaiphe pa Khirisimasi mwini wake osadziwa. Voti imapatsa munthu khola kwa zaka zisanu, mbuzi zikhalabe za eni ake.

Ena amati zimenezi n'zachizungu, kwathu mfumu sitsutsidwa. Amene amatero sanakhalepo pabwalo mlandu ukuzengedwa. Mfumu yodziwa ntchito yake imakhala chete nduna zikufunsa mafunso, imamva mbali zonse, ndipo imalankhula pomaliza, ikuomba mkota pa zimene bwalo lapeza. Kwa Achewa, amene amaloza woyenera kulowa ufumu ndi amayi akuluakulu a mbumba, ndipo tsiku lomulonga amamulangiza pamaso pa anthu. Makolo ponena kuti mutu umodzi susenza denga ankanenanso za mutu wa mfumu.

Nanga tinaziona kuti zoti mphamvu zikaunjikana pa munthu mmodzi zimapweteka?

Tinazionera pakhomo pompano. Patangopita miyezi iwiri chilandirireni ufulu, mu Seputembala 1964, Dr Kamuzu Banda anachotsa nduna zimene zinamutsutsa, monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi, ndipo ena monga Henry Masauko Chipembere ndi Yatuta Chisiza anatula pansi maudindo awo. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi. Mu 1971 Kamuzu anakhala Pulezidenti wamuyaya. Taonani kuti zonsezi zinadutsa m'Nyumba ya Malamulo, aphungu akuomba m'manja. Nyumba inalipo, makhoti analipo, koma panalibe amene akanayerekeza kunena kuti ayi.

Munthu ankatha kutsekeredwa m'ndende ya Mikuyu zaka zambiri osaonekera kukhoti. Katundu wake ankatha kulandidwa ndi boma. Milandu ikuluikulu, ngakhale youkira boma, inapititsidwa kumakhoti a mafumu kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Kumeneko n'kumene Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mu Meyi 1983 momwemo nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Ndipo munthu wamba sankafunika kukhala wandale kuti aione mphamvuyo: pachipata cha msika ndi pokwera basi pankakhala anyamata ofunsa khadi la chipani.

Choncho Amalawi atavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, pa 14 Juni 1993, amene analemba malamulo atsopano mu 1994 ankalemba zipsera zikadali zaziwisi. Pafupifupi chingwe chilichonse chimene anamangira Pulezidenti chili ndi bala limene ankaliganizira.

Ndiye mphamvuzo anazigawa bwanji?

Anaziika pa mafuwa atatu. Nthambi yoyendetsa boma, ya Pulezidenti ndi nduna zake, imayambitsa mfundo ndi kugwiritsa ntchito malamulo. Nyumba ya Malamulo imapanga malamulowo ndi kuvomereza ndalama. Makhoti amatanthauzira malamulo ndi kuweruza pakabuka mkangano. Ntchitozi zalembedwa m'magawo 7, 8 ndi 9. Pamwamba pa zonse pali gawo 5, lonena kuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi malamulo aakuluwa n'chopanda mphamvu. Mawu akuti chochita chilichonse sapatula cha Pulezidenti.

Kugawa kokha sikukwanira. Chimene chimathandiza n'chakuti nthambi iliyonse ili ndi podzera m'ntchito ya inzake, kotero kuti palibe imene ingamalize nkhani yaikulu payokha. Pulezidenti amasankha mkulu wa majaji, koma aphungu ayenera kumuvomereza. Aphungu amapanga lamulo, koma lifunika saini ya Pulezidenti. Onse awiri akagwirizana pa lamulo lopondereza anthu, khoti lingathe kulithetsa. Mayi aliyense amadziwa kuti fuwa limodzi likatalika kuposa anzake, mphika umapendekeka ndipo phala limathera pamoto.

Aphungu ali ndi chingwe chanji chenicheni?

Chachikulu ndi thumba. Boma silingatolere msonkho kapena kutapa ndalama m'thumba la dziko popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. N'chifukwa chake mwezi wa bajeti nduna zimaoneka zofatsa.

Chachiwiri ndi kuvomereza anthu osankhidwa m'maudindo. Mkulu wa majaji amafunika mavoti a magawo awiri mwa atatu a aphungu amene akuvota. Mkulu wa apolisi ndi mkulu wolondoloza ndalama za boma amavomerezedwa ndi Nyumba yonse, pamene mkulu wozenga milandu ya boma ndi mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB amadutsa ku komiti ya aphungu yoona za kusankha anthu m'maudindo. Izi si zamwambo chabe. Mu 2005 aphungu anakana mayi Mary Nangwale, amene Bingu wa Mutharika anawasankha kukhala mkulu wa apolisi, ndipo mpandowo anausiya.

Pa mabilu, Pulezidenti ali ndi masiku 21 oti asaine kapena akane. Akakana, biluyo imabwerera ku Nyumba pamodzi ndi zifukwa zake. Aphungu akaivomerezanso m'nthawi yoikika, Pulezidenti ayenera kusaina, afune asafune. Palinso gawo 89, lopatsa aphungu mphamvu yoitana Pulezidenti kudzayankha mafunso m'Nyumba. Kwa zaka zambiri gawoli linagona ngati kulibe, mpaka Pulezidenti Lazarus Chakwera anakaimirira pamaso pa aphungu mu Seputembala 2020. Pomaliza pali kumuchotsa pampando kudzera m'gawo 86, ngati waphwanya malamulo kwambiri. Pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu, ndipo mpaka lero palibe Pulezidenti amene anachotsedwapo mwa njirayi. Anayesa mu 2005 pa Bingu, ndipo mkangano wa nkhaniyo uli mkati Sipikala Rodwell Munyenyembe anakomoka m'Nyumba momwemo, n'kumwalira patapita masiku ochepa.

Kodi pali tsiku limene Nyumba ya Malamulo inaimadi nji?

Lilipo, ndipo ana asukulu ayenera kumalidziwa monga adziwira 6 Julayi. Ndi pa 4 Julayi 2002.

Gawo 83 limati Pulezidenti alamulire materemu awiri otsatizana a zaka zisanuzisanu, basi. Teremu yachiwiri ya Bakili Muluzi ikupita kumapeto, kunabwera bilu yoti malirewo achotsedwe, munthu aziima kangati konse akafuna. Anaibweretsa ndi phungu wa chipani cha AFORD, Khwauli Msiska, ndipo akuluakulu ena a zipani zotsutsa anali ataigwirizana nayo. Dziko linatentha. Mipingo, maloya, ophunzira a ku Chancellor College ndi Polytechnic ndi mabungwe ena anakana. Pulezidenti analetsa zionetsero zokhudza nkhaniyi, koma jaji Dunstain Mwaungulu anagamula kuti chiletsocho chikuphwanya ufulu wa anthu. Tsiku lovota, panafunika mavoti 128. Ovomereza anakwana 125, okana 59. Bilu inagwa ndi mavoti atatu.

Mavoti atatu! Ndikaganiza za chiwerengerochi thupi limachita tsembwe. Pakanapezeka aphungu atatu ena olandira kenakake usiku, kapena oopa kutaya mpando, tikanabwerera ku 1971 patangotha zaka zisanu ndi zitatu chichokereni kumeneko. Malamulo anangoika mpanda wautali, wa magawo awiri mwa atatu. Amene anaimirira pampandapo anali anthu a mayina, okhala ndi ana ofuna fizi ndi ngongole zawo, amene anasankha kukana.

Anayesanso mu Januwale 2003 ndi bilu ya teremu yachitatu, koma ataona kuti mavoti sakukwana anaibweza. Mu 2009 a Muluzi anafunanso kuima, ponena kuti malamulo amaletsa materemu otsatizana okha. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linawakana, ndipo khoti linagwirizana nalo.

Nanga bwanji masiku ambiri Nyumbayi imaoneka ngati ili m'thumba mwa Pulezidenti?

Chifukwa nthawi zambiri imakhaladi momwemo, ndipo apa mpamene ine ndimaona kuti mpanda wathu unathyoka. Pulezidenti amaloledwa kusankha nduna pakati pa aphungu. Phungu akangolawa galimoto ya unduna ndi mbendera yake, kapena akangoyamba kuilota, sangafunsenso boma funso lolasa. M'meta mpala sadzimeta. Mukaona chisankho chitangotha, aphungu oima paokha amayamba kulengeza mmodzimmodzi kuti anthu a kwawo awatuma kukagwira ntchito ndi boma la lero. Anthu akwawowo kawirikawiri amazimvera pawailesi.

Olemba malamulo anaziona zimenezi, n'kuika gawo 65: phungu wosiya chipani chimene anapambanira n'kulowa china ataye mpando wake. Mayeso ake anabwera Bingu atachoka mu UDF mu Febuluwale 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri n'kumutsatira. Mu Juni 2007 khoti la Supreme linanena kuti gawoli ndi lovomerezeka. Komabe ziletso za kukhoti zinamanga manja Sipikala, otsutsa anati sakambirana bajeti mpaka gawo 65 litagwira ntchito, boma linati bajeti kaye, ndipo mu 2007 ndi 2008 dziko linakhala miyezi likudikira. Alimi ankada nkhawa ndi makuponi a feteleza, ndipo ambiri anafika poona gawo 65 ngati mdani wa chitukuko. Teremu inatha aphunguwo ali pamipando yawo.

Zingwe zina aphungu anadula okha. Gawo 64, limene linkalola anthu kuchotsa phungu wawo teremu isanathe, linafafanizidwa mu 1995. Nyumba yachiwiri ya Seneti, momwe mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, inachotsedwa mu 2001 isanakhalepo n'kamodzi komwe. Makhansala, amene akanatsitsa mphamvu kuchoka ku Capital Hill kupita m'maboma, anasowa kuyambira 2005 mpaka 2014 chifukwa chisankho chawo chinkangosunthidwa.

Ndiye kuti katundu yense anagwera makhoti?

Wambiri ndithu. Pa 24 Meyi 2014, mavoti akuwerengedwa, Pulezidenti Joyce Banda analengeza kuti wathetsa chisankho ndipo china chichitike pakatha masiku 90. Tsiku lomwelo khoti linaletsa zimenezo, kuwerenga kunapitirira, ndipo mpando anausiyira Peter Mutharika.

Kenaka 2019. MEC, motsogozedwa ndi Jane Ansah, inalengeza kuti a Mutharika apambana ndi mavoti 38.57 pa 100 alionse, a Chakwera 35.41, a Saulos Chilima 20.24. Panali madando 147, ndipo mapepala ambiri a zotsatira anali opakidwa tipeksi. A Chilima ndi a Chakwera anapita kukhoti. Majaji Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Mike Tembo anamva mlanduwo miyezi ingapo, wailesi zikuulutsa zonse, mpaka amayi ogulitsa tomato anadziwa mayina a mafomu a zisankho. Mlandu uli mkati, mkulu wa majaji anakadandaula ku ACB kuti pali ofuna kuwahonga majajiwo. Tsiku lachigamulo anafika kukhoti ku Lilongwe moperekezedwa ndi asilikali. Anathetsa chisankho, analamula china pasanathe masiku 150, ndipo anatanthauzira kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la onse. Khoti la Supreme linagwirizana nawo pa 8 Meyi 2020. Mu Africa muno, Kenya yokha ndiyo inali itachitapo zotere, mu 2017, ndipo kumeneko wolamulira anapambananso. Kuno anagonja pa 23 Juni.

Chaka chomwecho kunachitika zina ziwiri zimene siziyenera kuiwalika. Mu Epulo boma linalamula kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 chifukwa cha Covid-19, popanda kunena kuti wa kabaza ndi wogulitsa mandasi adya chiyani. Mavenda anatuluka m'misewu, bungwe la HRDC linapita kukhoti, ndipo jaji Kenyatta Nyirenda anaimitsa lamulolo lisanayambe. Mu Juni, kutatsala masiku ochepa kuti tivote, boma linatulutsa chikalata choti mkulu wa majaji Andrew Nyirenda apite kutchuthi mpaka nthawi yake yopuma. Khoti linaletsa, ndipo maloya anayenda m'misewu atavala mikanjo yawo yakuda.

Koma majajiwo sitinawasankhe. Kodi si kulanda boma kumeneku?

Funsoli n'lomveka, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Pulezidenti ali ndi mavoti mamiliyoni kumbuyo kwake, jaji alibe ngakhale imodzi. Komanso tonse taonapo chiletso cha kukhoti chikusanduka pobisalira: munthu woganiziridwa kuba ndalama za boma amathamangira kukatenga chiletso kuti asamangidwe, mlandu n'kugona zaka. Wosauka amene anaba nkhuku amagamulidwa sabata yomweyo. Madandaulo a ziphuphu m'makhoti nawonso si achilendo. Amene amakonda makhoti chifukwa cha 2020 asatseke maso pa zimenezi.

Komabe taganizani chimene jaji amachita akaletsa Pulezidenti. Sanena kuti mfundo yanga ndiyo yabwino kuposa yanu. Amanena kuti malamulo amene munalumbira kuwateteza, Baibulo kapena Korani ili m'manja, sakukulolani kuchita ichi. Ndipo kusasankhidwa kwakeko n'kumene kumamupatsa msana. Fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi, ndipo munthu amene mawa akufuna mavoti kapena unduna sangaweruze bwino mlandu wa amene amagawa maunduna.

Jaji nayenso ali ndi zingwe zake. Sayamba mlandu yekha, amadikira wodandaula. Chigamulo chake amachilemba ndi zifukwa, ndipo chingathe kugwetsedwa pa apilo. Aphungu angathe kusintha lamulo limene iye watanthauzira. Angathenso kupempha kuti achotsedwe ngati wachita zosayenera, ngakhale kuti mpeni umenewu umacheka kuwiri: mu 2001 aphungu anafuna kuchotsa majaji atatu, a Mwaungulu, a Anaclet Chipeta ndi a George Chimasula Phiri, ndipo ambiri anaona kuti tchimo lawo linali zigamulo zosakomera boma. Mu 2011 boma la Bingu linapanga lamulo lovutitsa kutenga chiletso chotsutsana ndi boma, ndipo linachotsedwa chaka chotsatira. Kwa ine, vuto si lakuti makhoti akula mphamvu. Nkhani zambiri zimafika kwa jaji chifukwa aphungu, amene anayenera kuzithetsa, anazilekerera.

Pulezidenti akayambana ndi wachiwiri wake, sangamuchotse?

Sangathe. Awiriwa amasankhidwa pa pepala limodzi, choncho wachiwiriyo mpando anapatsidwa ndi ovota. Mu 2006 Bingu analengeza kuti wachiwiri wake, Cassim Chilumpha, wadzichotsa yekha posabwera kuntchito, koma khoti linakana. Mu Disembala 2010 Joyce Banda anachotsedwa mu DPP, koma anakhalabe wachiwiri kwa Pulezidenti. Chimene Pulezidenti angachite n'kumumana ntchito ndi kumuumitsa, ndipo izi taziona pafupifupi m'boma lililonse.

Phindu la lamuloli linaoneka mu Epulo 2012. Bingu anadwala mwadzidzidzi pa 5 Epulo n'kumwalira, koma imfayo siinalengezedwe msanga. Usiku wa pa 6, nduna zingapo zinaonekera pa kanema kunena kuti mayi Banda sangalowe m'malo chifukwa anachoka m'chipani cholamula. Malamulo sanena za chipani. Amati mpando ukakhala wopanda munthu, wachiwiri alumbire. Mkulu wa asilikali, General Henry Odillo, anaima ndi malamulowo, ndipo pa 7 Epulo mayi Banda analumbira. Asilikali sali pa mafuwa atatu aja, koma tsikulo kukana kwawo kulowerera n'kumene kunasunga mphika.

Kodi Pulezidenti angamangidwe?

Ali pampando, ayi. Gawo 91 limamuteteza ku milandu yaupandu ndi kusumiridwa iye mwini, koma limanenanso kuti ofesi yake siingazembe malamulo a khoti okhudza maufulu ndi maudindo a m'malamulo aakulu. Akachoka, chitetezocho chimatsala pa zokhazo zimene anachita monga mwa udindo wake. Kamuzu anazengedwa mlandu wa ku Mwanza mu 1995 ndipo anapezeka wosalakwa. A Muluzi anaimbidwa mlandu wokhudza ndalama zokwana K1.7 biliyoni, umene unakoka zaka zoposa khumi mpaka boma linausiya mu 2023.

Mwa zonsezi, mpata waukulu umene watsala uli pati?

Uli pa kusankha anthu m'maudindo. Pulezidenti wa Malawi amasankha nduna, alembi aakulu a maunduna, akazembe, akuluakulu a asilikali ndi apolisi, mabodi a makampani a boma, gavanala wa Reserve Bank, ndipo amakweza ndi mafumu omwe. Ngakhale amene ntchito yawo ndi kulondera boma amalowa pakhomo lomwelo. Mlonda amene anamulemba ntchito ndi yemwe akuyenera kumulondera amagona ndi diso limodzi, ndipo diso limenelo limayang'ana kontirakiti yake.

Taonani General Vincent Nundwe. Asilikali ake anateteza anthu ochita zionetsero mu 2019, ndipo mu Malichi 2020 anachotsedwa. Boma litasintha anabwezeretsedwa. Taonaninso mayi Martha Chizuma. Ali Ombudsman anafufuza nkhani zimene ena ankaziopa. Atasankhidwa kutsogolera ACB mu 2021, komiti ya aphungu inayamba yawakana, n'kudzawavomereza anthu atakwiya. Mu Disembala 2022 apolisi anakawatenga kunyumba mbandakucha. Bungwe lingathe kukhala loima palokha papepala, koma ngati ndalama zake zimatuluka mwa apo ndi apo kuchokera ku Treasury, ndipo mkulu wake sadziwa ngati mawa adzuka ali pantchito, ofufuza amakhala ndi mafayilo koma galimoto ilibe mafuta.

Pafupifupi aliyense wofuna mpando amalonjeza pamsonkhano kuti akapambana adzachepetsa mphamvu za Pulezidenti. A Chakwera analonjeza mobwerezabwereza. Akalowa ku Kamuzu Palace, mphamvu zija zimayamba kuoneka zofunika. Sindikunena izi ponyoza munthu, chifukwa ndi mmene mtima wa munthu ulili, ndipo n'chifukwa chake ntchito yochepetsa mphamvuzi siyenera kusiyidwa m'manja mwa amene akuzigwiritsa ntchito. Ndi ya aphungu, ndi ya ife amene timawatuma.

Nanga ife anthu wamba tili pati pamenepa?

Tili pansi pa mafuwa onse atatu, ngati nthaka imene akhazikikapo. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 siinachokere m'nthambi iliyonse ya boma. Chakufwa Chihana potsika ndege mu Epulo chaka chomwecho, akudziwa kuti amangidwa, analibe udindo uliwonse m'boma. Majaji a 2020 anali olimba mtima, koma anaweruza m'dziko limene anthu anali atayenda m'misewu miyezi yambiri, ndipo panali mamonita a zipani amene anasunga mapepala awo a zotsatira n'kukaimirira kukhoti monga mboni.

Mtengo wake umakhala wowawa. Pa 20 ndi 21 Julayi 2011, anthu atatuluka kudandaula za kusowa kwa mafuta, ndalama zakunja ndi ulamuliro woipa, anthu 20 anaphedwa, ambiri a iwo ku Mzuzu. Ena agona ku manda a Zolozolo. Ufulu wochita zionetsero unali wolembedwa kale m'malamulo tsiku limenelo, koma pepala silinaimitse chipolopolo.

Chida chimene chakhala chikugwira ntchito mosalephera ndi voti. Apulezidenti anayi agonja ali pampando: Kamuzu mu 1994, Joyce Banda mu 2014, Peter Mutharika mu 2020, ndi Lazarus Chakwera mu 2025. Ndi mayiko ochepa mu Africa amene angawerenge chonchi. Koma voti imabwera kamodzi pa zaka zisanu, ndipo pakati pakepo pali zida zina zimene timazisiya zichite dzimbiri. Kuyambira pa 30 Seputembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma likugwira ntchito: komiti ya chitukuko ya m'mudzi ingathe kulembera khonsolo kufunsa kuti mlatho uja unadya ndalama zingati ndipo kontirakitala anali ndani. Ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo kwaulere, popanda loya. Ndipo phungu wanu akabwera kumaliro atanyamula thumba la ufa, mukatha kuthokoza mungathe kumutengera pambali n'kumufunsa kuti pa bilu yakuti anavota bwanji, ndiponso kuti gawo 64 lija adzalibweza liti.